Maso Sacitidwa Lendi

Pali manyazi ena amene timacita kugula ndi ndalama zathu. Mwezi ukapendeka, TV ikaonetsa uthenga uja wakuti akaunti yanu yaimitsidwa, bambo wa nyumba amathamangira rimoti alendo asanawerenge, ngati munthu amene wapezeka ndi nsabwe m'kolala. Ana amaphunzitsidwa kunena kuti dikoda yafa. Amayi amati mphepo ya usiku inapotoza dishi. Palibe amene amanena zoona zake, zakuti unga, makala, lendi ndi yunifomu ya mwana zadya malipiro onse, ndipo banja lasankha nsima m'malo mwa zithunzi. Cosankha canzeru cotere timacibisa ngati matenda.

Ine ndikukana manyazi amenewa. Banja limene laleka kulipira mwezi ndi mwezi, n'kugula dikoda ya free-to-air yokhoza kujambula mapulogalamu, silinagwe. Lacoka m'nyumba ya lendi n'kulowa m'kanyumba kakekake. Kanyumbako n'kakang'ono, sindibisa, ndipo panjira yopita kumeneko pali atambwali ambiri ofuna kukugulitsani citseko cabodza. Koma n'kanu.

Kodi kwenikweni timagula ciyani tikalipira? Timaganiza kuti tagula mpira, mafilimu ndi makatuni a ana. Zimene tagula ndi masiku 30, ndipo masikuwo amayenda okha, kaya muli panyumba, kaya mwapita kumaliro ku Petauke, kaya magetsi kulibe. Caka ca 2024 cinationetsa zimenezi poyera. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika mu September makomboni ambiri anali kuona magetsi maola atatu cabe patsiku, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo. Maola atatu pa maola 24 ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Mtengo wa mwezi unali wathunthu. Sindikunena kuti makampani a TV ndiwo anaumitsa Kariba. Ndikunena kuti pangano limene lingakudyereni ndalama yonse pamene inu mwalandira kambenu kamodzi mwa 8, popanda wina kuphwanya lamulo lililonse, ndi pangano loipa kwa munthu wa malipiro ocepa. Wa lendi ya nyumba amagonamo ngakhale mumdima. Wa lendi ya TV, mumdima alibe kanthu.

Apa ndi pamene kujambula kumasinthira nkhani yonse, ndipo n'cifukwa cake ndikulimbikira kuti munthu wocoka ku TV yolipira asagule dikoda ina iliyonse yochipa, koma yojambula, imene m'masitolo amati PVR. Vuto lalikulu la TV kwa munthu wogwira nchito si kucepa kwa machanelo. Ndi nthawi. Pulogalamu yabwino imaonetsedwa inu muli m'minibasi pa Lumumba Road, kapena mukucongera mabuku a ana 70, kapena magetsi atapita. Machanelo 200 sathandiza munthu amene amafika panyumba 19 koloko atatheratu. Amangoyendayenda ndi rimoti mpaka tulo titamugwira pampando. Dikoda yojambula imatembenuza zimenezo. Imachera khutu inu kulibe, n'kukusungirani. Ndipo popeza madikoda ambiri otere amadya magetsi a 12 volts ocepa ngati a babu limodzi, amatha kuyenda pa batire ya sola imene nyumba zambiri zinagula m'caka ca mdima cija, n'kumajambula TV ili yozima.

Wina adzati, nanga makampani olipira alibe madikoda ojambula? Ali nawo, ena abwino kwambiri. Koma zimene mwajambula mmenemo zimakhala zokhomedwa, zomangiriridwa ku dikodayo ndi ku akaunti yanu. Simungazikopere pa laputopu. Simungapite nazo kwa amalume ku Katete. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ndi wa mphepo. Pulogalamu imene mwasunga m'bokosi lokhala ndi loko wa mwini wake ikali pacala. Dikoda ya free-to-air imalemba pa fulashi kapena pa hard drive yanu, kawirikawiri m'fayilo ya mtundu wa .ts, imene VLC imatsegula pa kompyuta iliyonse. Kwa ine monga mphunzitsi, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Pulogalamu yonena za mapiri ophulika kapena za mtsinje wa Zambezi, ndikaijambula Lamlungu, Laciwiri ana a m'kalasi aiona, popanda bundle ndi popanda kupempha network kuti icite cifundo. Sindikunena zokopera mafilimu n'kukagulitsa pamsika; uko ndi kuba nchito ya anthu ena. Ndikunena za kusunga kunyumba zimene zinaulutsidwa poyera kuti aliyense aone.

Taganizani za usiku wa pa 12 February 2012, pamene Stoppila Sunzu anamenya penate yomaliza ku Libreville, Chipolopolo n'kugonjetsa Ivory Coast 8-7. Dziko lonse linaona. Ndi nyumba zingati zimene zinasunga masewera onsewo, kuyambira wezulo woyamba mpaka kuvina kwa pamapeto? Mwana wobadwa caka cimeneco amaona tizidutswa pa YouTube, bundle ikalola. Usiku waukulu koposa wa mpira wathu tinaubwereka, n'kuubweza.

Ndachula mpira, ndiye tiyeni tiukambe, pakuti ndiwo cingwe cimene camanga amuna ambiri. Ndinene mosapita m'mbali: palibe dikoda ya free-to-air yoona mtima imene idzakuonetsani ligi yonse ya ku England. Ufulu woionetsa kuno unagulidwa ndi SuperSport ndi ndalama zambiri, ndipo ogulawo ali ndi cifukwa coikhomera. Ngati moyo wanu uli pa Arsenal kapena Manchester United, ndipo thumba likulola, lipirani, sindidzakunyozani. Koma werengani kaye. Timu yanu imasewera masewera 38 a ligi pa nyengo imodzi. Mphindi 90 kucurukitsa ndi 38 ndi maola 57. Masiku awiri ndi theka sakwana. Onjezani makapu ngati timuyo ili ndi mwai, mwina mufike pa masiku anai. Kodi n'cilungamo kuti banja lonse lisenze bilu ya miyezi 12 kaamba ka masiku anai a munthu mmodzi? Komanso mpira sunapangidwe kuti munthu aziuonera yekha pasofa. Umakoma pagulu, pamene pali wina womuseka. Malo oonera mpira ali m'komboni iliyonse, ndipo botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi Loweruka silifika pa mtengo wa mwezi. Bambo amene amati akulipirira ana, pamene rimoti ili m'thumba lake Loweruka ndi Lamlungu lonse, adzifunse bwino.

Cotsutsa caciwiri cili ndi mano: akuti free-to-air ndi machanelo a machalichi okhaokha. Pali coonadi pamenepa. Lozani dishi yanu ku setilaiti ya Intelsat 20, imene ili pa madigiri 68.5 kum'mawa, mudzapeza aneneri ambiri kuposa amene ali m'Cipangano Cakale, aliyense ndi nambala yake ya foni pansi pa cithunzi. Koma batani locotsera chanelo lilipo, ndipo madzulo amodzi ndi okwanira kusesa. Nyumba zoulutsa nkhani monga France 24, DW, Al Jazeera, CGTN ndi NHK World zimaulutsa mosakhoma pa masetilaiti osiyanasiyana, cifukwa zimafuna kuonedwa, osati kugulitsidwa. Zimene zingafike padenga lanu zimadalira kumene dishi yaloza ndi kukula kwake, ndipo mndandanda umasintha. Conco musagule ndi makutu. Uzani wogulitsa akuonetseni pa TV yake, tsiku lomwelo, zimene dikodayo ikugwira.

Tsopano atambwali aja. Lowani m'tumasitolo twa zamagetsi m'tauni, nenani cabe kuti mwatopa ndi kulipira. Mnyamata adzatulutsa kabokosi pansi pa kauntala, n'kutsitsa mau: “Bosi, iyi itsegula vonse. Bola, mafilimu, vonse mahala.” Kabokosi kameneko si free-to-air. Ndi dikoda imene imalandira makiyi akuba kudzera pa intaneti, kucokera ku kompyuta ya munthu amene simudzamuona, n'cifukwa cake imafuna SIM khadi kapena Wi-Fi. Kuonera mwanjira imeneyi ndi kuba siginolo, ndipo lamulo silikuvomereza. Koma ngakhale mutaika lamulo pambali, malondawo ndi opusa. Makiyi amasinthidwa, cithunzi cimauma wosewera ali pafupi kumenya penate, ndipo miyezi ingapo ikapita mnyamata uja adzakuuzani kuti “akaunti” yatha, muonjezere ndalama. Mwathawa mwini nyumba wokhala ndi ofesi ndi lisiti, n'kulowa kwa mwini nyumba wopanda dzina. Onjezani bundle ya mwezi uliwonse, muone ngati mwapulumutsa ngwee.

Amene ali ndi zaka zopitirira 30 akukumbukira madikoda a Wiztech ndi Philibao. Kwa zaka zingapo nyumba zambiri m'maiko ozungulira South Africa zinali kuonera SABC mwaulere, Generations ndi Muvhango madzulo alionse, cifukwa siginolo ya kampani ya Sentech inali kutayikira kunja kwa malire ndi loko wofooka. Wailesi ya eBotswana inapita kukhoti ku Johannesburg kudandaula kuti ikutaya oonera, inapambana, ndipo mu 2013 citseko cinatsekedwa. M'mawa mwake mabokosi aja anasanduka poikapo maluwa apulasitiki. Chanelo imene mwini wake sanafune kukupatsani ingathe tsiku lililonse. Imene mungaidalire ndi yokhayo imene inaulutsidwa dala popanda loko.

Nanga dikoda yoona mtima imadziwika bwanji? Pa katoni payenera kulembedwa DVB-S2, osati DVB-S cabe, ndipo izitha kuwerenga H.264 pamodzi ndi H.265, imene ena amalemba HEVC. Machanelo akusamukira ku njira zatsopano zopanikizira zithunzi, ndipo bokosi lakale lidzakupatsani mau opanda cithunzi, kapena mdima. Ikhale ndi blind scan, kutanthauza kuti imasakasaka yokha machanelo onse a pa setilaiti popanda inu kulowetsa manambala, cifukwa machanelo aulere amasamuka ngati alendi.

Koma funso limene ogulitsa ambiri safuna kumva ndi ili: ili ndi ma tuner angati? Tuner ndi khutu la dikoda. Ya khutu limodzi imamva gulu limodzi la machanelo panthawi imodzi, gulu limene amisiri amati transponder. Ngati mukujambula nkhani, ana n'kusintha kupita ku chanelo ya gulu lina, dikoda idzakana, kapena kujambulako kudzaduka. Pa katoni adzalemba PVR ndi zilembo zazikulu, ndipo sananame, imajambuladi. Cimene sanalembe ndi cakuti pojambula nyumba yonse ikhala yomangika. Ya makutu awiri imajambula kwina inu mukuonera kwina, koma imafuna LNB, kamutu kaja ka patsogolo pa dishi, kokhala ndi potulukira pawiri, ndi nthambo ziwiri kutsika padenga. Ndalamayo ndi yoonjezera, koma mumailipira kamodzi. Kwa nyumba ya anthu asanu ndi TV imodzi, ine ndingati khutu laciwiri ndi lofunika kuposa kukongola kwa rimoti kapena mau akuti 4K amene amamatidwa pa ciliconse masiku ano. Ngati mwapeza ya combo, yokhala ndi S2 ya dishi ndi T2 ya eriyo, ndi bwino, pakuti TV ya pansi m'dziko lathu imayendera DVB-T2. Koma nayonso idzaonetsa okhawo amene sanakhomedwe.

Posungira pamafunika maso. Ola limodzi la HD lingadye magigabaiti awiri kapena kuposa. Fulashi yokonzedwa mwa FAT32 silola fayilo imodzi kupitirira magigabaiti 4, ndiye masewera aatali amadulidwa zidutswa. Funsani ngati dikoda imawerenga NTFS. Mafulashi a m'misewu olembedwa manambala akuluakulu pamtengo wa fritasi ndi bodza lina. Amalandira zinthu mwaulemu, n'kuzitaya mwakacetecete. Hard drive ndi yabwino, koma madikoda ena alibe mphamvu yokwanira pa USB yoizungulitsira, conco pitani nayo kusitolo, muilumikize, mujambule mphindi zisanu, muziseweretse musanatulutse ndalama. Wogulitsa akakana kuyesa, mwayankhidwa. Ndipo kanthu kakang'ono kamene kakhumudwitsa ambiri: wochi ya dikoda. Ikani GMT+2. Mukapanda kutero, mudzaichera kuti ijambule 20 koloko, iyo n'kudzuka 22 koloko kukujambulirani mneneri.

Dishi yakale musaitaye. Ya kampani imene mwacokako ndi citsulo cabe, ndipo LNB yake nthawi zambiri imagwira nchito. Cofunika ndi kuitembenuza. Madishi a DStv kuno amaloza ku setilaiti ya Eutelsat pa madigiri 36 kum'mawa, imene kucokera ku Lusaka ili pamwamba ndithu cakumpoto. Ya pa 68.5 ili mmunsi cakum'mawa, kotero mtengo wa mango wa aneba ungalowe m'nkhani. Setilaiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo kuphonya ndi cala cimodzi padenga ndi kuphonya ndi dziko lonse kumwambako. Lipirani mmisiri wokhala ndi mita. Dishi ya masentimita 90 imapirira mvula ya Januwale kuposa ya 60.

Mwaona kutalika kwa malangizo amenewa? Ndiwo mlandu wanga waukulu, ndipo suli pa makampani. Kampani ndi kampani, inabwera kudzagulitsa. Mlandu uli pa boma ndi pa wailesi ya dziko. N'cifukwa ciyani mayi wa ku Chadiza ayenera kudziwa transponder ndi HEVC kuti aone nkhani za dziko lake popanda bilu?

Ku Britain, BBC ndi ITV anakhazikitsa Freesat mu 2008. Imagwiritsa nchito masetilaiti omwewo amene kampani yolipira ya Sky imagwiritsa nchito, pa madigiri 28.2 kum'mawa, kotero munthu wotopa ndi bilu amasintha bokosi, dishi n'kukhala pomwepo. Amapeza machanelo a dziko lake ali pa manambala odziwika, ndi ndandanda ya mapulogalamu a mlungu wonse, yoti angosindikiza batani limodzi kuti bokosi lijambule. Anthu a kumeneko amalipira laisensi ya TV, inde, koma wailesi yao ya dziko inaona kuti ndi udindo wake kuwatsegulira khomo lotulukira.

Ife tinayenda njira ina. Posamuka kucoka ku analogue kupita ku digital, dziko linatenga ngongole ya madola 273 miliyoni ku China, ndipo nchito yofalitsa siginolo inapatsidwa kwa TopStar, kampani imene StarTimes ili ndi magawo 60 pa 100 ndipo ZNBC ili ndi 40. TopStar yomweyo imagulitsanso mabuke olipira. ZNBC ilinso ndi gawo mu MultiChoice Zambia. Ndipo kuyambira mu 2018, TV levy, imene inakwera kucoka pa K3 kufika pa K5, inaleka kudulidwa pa bilu ya ZESCO n'kuyamba kutoleredwa kudzera mwa makampani a TV yolipira. Ikani zinthu zitatuzi pamodzi. Wailesi imene inayenera kukhala yoyamba kutiuza kuti pali njira yoonera popanda bilu ndi yomweyo imene imadya tikalipira, mbali zonse. Sindikunena kuti wina anakhala pansi kupangana ciwembu. Ndikunena kuti mbuzi imadya pamene yamangidwa, ndipo ife tinaimanga pa munda wa masabusikiripishoni.

Zotsatira zake tinaziona mu 2020. Masukulu atatsekedwa kaamba ka Covid-19, boma linatsegula chanelo ya maphunziro, ZNBC TV4. Ganizo linali labwino. Koma phunziro la pa TV limadutsa kamodzi ngati basi, ndipo mwana amene panthawiyo anali kotunga madzi, kapena kwao kunalibe magetsi, kapena mkulu wake anali ndi rimoti, linamupita. Mphunzitsi aliyense adziwa kuti mwana samva long division ulendo umodzi. Amafuna kubwereza, kuimitsa, kubwerera mmbuyo. Bokosi lojambula m'nyumba kapena pasukulu likanasandutsa maphunziro amenewo kukhala laibulale yokhalitsa, fulashi imodzi n'kuzungulira mudzi wonse.

Zimene ndikupempha kwa Independent Broadcasting Authority ndi ZNBC sizifuna ngongole ina. Machanelo onse a ZNBC, ndi ena a m'dziko muno amene ali ndi laisensi ya free-to-air ndipo akufuna, akhale pa setilaiti imodzi yodziwika, pa gulu limodzi, popanda loko, kuti dikoda iliyonse ya S2 iwagwire. Manambala ake alengezedwe pa wailesi m'zinenero zonse 7, monga amalengezera mitengo ya feteleza ndi masiku a katemera. Atumize ndandanda ya mapulogalamu a masiku 7 pamodzi ndi siginolo, kuti bokosi lizidziwa lokha nthawi yoyamba ndi yoleka kujambula. Ndipo pakhale cidindo cimodzi pa katoni ya dikoda imene yayesedwa, kuti agogo akalowa m'sitolo ku Kamwala kapena ku Kapata angoloza cidindoco, mnyamata wa pansi pa kauntala asanatsegule pakamwa.